Odwala akumva "LDL" ngati achira, tiwaonetsa bwanji?

Namwino wa ku ART (kolandirira mankhwala a HIV): Anzanga, ndithandizeni nzeru. Zotsatira za viral load, kuchuluka kwa tizirombo ta HIV m'magazi, timalemba m'buku la kuchipatala, koma ambiri sakuzimvetsa. Bambo wina atauzidwa kuti zake ndi LDL, tizirombo sitikuoneka m'magazi, anakasiya ma ARV, ati wachira. Mayi wina ataona 839 misozi inayamba kutsika. Mzere umakhala wautali, kufotokoza ndi pakamwa pokha sikukukwanira. Inu kwanuko mumawaonetsa chiyani?

Wa ku labu: A sisitala, 839 ija imabwera ndi kachizindikiro kutsogolo, <839. Magazi akatengedwa a DBS, madontho oumitsa papepala aja, makina sawerenga bwino kutsika pamenepo, ndiye amangonena kuti tili pansi pa 839. Si chiwerengero cha tizirombo ta mayiyo. Vuto ndi loti pokopera ndi manja kachizindikiroko kamasiyidwa. Nambala yoti tiiyang'anitsitse ndi 1,000. Ikafika pamenepo kapena kupitirira, munthu alandire uphungu wa kamwedwe ka mankhwala, ayezedwenso pakatha miyezi 3.

Mlangizi wa zaumoyo: Bwanji osabwereka mitundu ya tepi ya MUAC, yoyezera mkono wa mwana ija? Amayi kusikelo amaidziwa kale: chofiira ndi pansi pa masentimita 11.5, chachikasu mpaka 12.5, chobiriwira mwana ali bwino. Ngakhale agogo osadziwa kuwerenga amamva. Mungomata kapepala ka mtundu pachikuto cha bukulo.

Expert client (munthu amene ali ndi HIV wothandiza anzake kuchipatala): Pachikuto ayi, achimwene, chonde. Ine ndimamwa mankhwalawa. Buku lomwelo limapita ku OPD, koonera odwala osagonekedwa, limagona m'chikwama chomwe apongozi amatsegula. Anthu akangozindikira tanthauzo la mitunduyo, mwamuulula munthu musanamufunse. Mtunduwo ujambuleni pa master card yomwe imatsala kuchipatala, mumuonetse ali m'chipinda. Komanso chofiira musamachitchule ngati chilango. Munthu akachita manyazi sabweranso.

Clinical officer: Zoona zimenezo. Koma mitundu siithetsa za bambo aja, chifukwa chobiriwira chomwecho angachimvenso ngati kuchira. Ife tili ndi mabotolo atatu oonekera mkati. Onse tathiramo chimanga choyera, ndipo nyemba zofiira ndiye tizirombo. Loyamba nyemba zachuluka, lachiwiri zochepa. Lachitatu tinaikamo nyemba imodzi yokha, yobisika pakati pa chimanga. Wodwala ndimamupatsa lachitatulo n'kumufunsa ngati akuonamo nyemba. Amati ayi. Kenako ndimati aligwedeze yekha mpaka itatulukira. Pamenepo sindilankhulanso zambiri, ndimangomufunsa chomwe chingachitike akasiya mankhwala, ayankhe yekha akuloza botolo loyamba lija. Chofunika n'choti botolo ligwedezedwe ndi dzanja lake, osati langa.

Namwino wa ku ART: Adokotala, imeneyi ndaikonda. Nanga akafunsa za akazi awo kapena amuna awo?

Clinical officer: Apo ndi pa uthenga wa T=T uja, Tizirombo Tochepa = Thanzi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2023 linanena kuti amene tizirombo take sitikuoneka, ndipo akumwa mankhwala mwandondomeko, sangapatsire mnzake pogonana. Pa 1,000 kutsika m'munsi chiopsezo n'chochepa kwambiri. Koma samalani ndi amayi oyamwitsa. Kwa iwo chiopsezo chimatsika kwambiri, koma musawalonjeze kuti palibiretu. Mwana ayezedwebe pa nthawi zake.

Wa ku labu: Muwauzenso kuti nyembazo n'chitsanzo chabe, asamaziwerenge n'kumayerekeza ndi nambala ya m'buku mwawo.

Mlangizi wa zaumoyo: Nanga anankafumbwe? Miyezi iwiri yokha mupeza ufa m'botolomo. Gulani mikanda kumsika, yoyera ndi yofiira, chivindikiro mumate ndi guluu kuti ana asameze.

Namwino wa ku ART: Chabwino, mikanda. Ndikaiyesa kaye pa teen club, gulu la achinyamata amene ali ndi HIV, Loweruka, achinyamata aja sabisa chinthu akapanda kuchimvetsa. A ku labu, mutilemberekonso kapepala ka tanthauzo la LDL ndi <839 tikamate pa tebulo la amene amakopera zotsatira.