Thandizeni abale: achimwene akumva zonse koma thupi lonse lafa, adokotala akuti vuto linachokera m'mapapo

Admin chonde mundilole ndiike izi, ndipo amene mumadziwa zachipatala musangodutsa.

Achimwene anga a zaka 34 amakhala ku Chawama, anagwidwa ndi sitiroko mwezi wathawu. Munthu wopanda BP, wopanda shuga, fodya sasuta. Anadzuka akudandaula chizungulire, kenako lilime linayamba kulemera, pofika kuchipatala manja ndi miyendo zonse zinali zitasiya. Pano akupuma kudzera pa kachubu ka pakhosi, phala likudutsa pa chubu cha m'mphuno. Poyamba tonse timati ali mu coma mpaka nesi wina anawauza kuti ngati mukundimva yang'anani m'mwamba, maso aja anakweradi, mlamu anangokhala pansi pompo nkumalira. Adokotala akuti ndi locked-in syndrome. Magazi oundana anatseka mtsempha wa basilar umene umadyetsa mbali ya ubongo yotchedwa pons, kumunsi chakunkhongo, ndipo mpomwe pamadutsa uthenga wopita ku manja, miyendo, lilime ndi kummero. Koma kumva, kuganiza, kukumbukira, zonse zilipo. Chomwe akutha ndi kuphethira ndi kuyendetsa maso m'mwamba ndi pansi basi.

Manje chomwe chatizunguza mutu ndi komwe magazi oundanawo anachokera. Mtima anauyeza uli bwino, koma oxygen wawo anali otsika nthawi zonse ndiye anajambula CT scan ya pachifuwa nkupeza mitsempha yolumikizana molakwika m'mapapo, pa pepala alemba PAVM. Mmene anatifotokozera, mapapo amagwira ntchito ngati sefa, magazi amadutsa mu timitsempha tating'onoting'ono ndipo tizibuluma ta magazi kapena tizilombo timakodwa momwemo. Kwa achimwene pali malo pomwe mtsempha waukulu unalumikizana ndi unzake mwachindunji, ndiye chibuluma chinangodutsa osasefedwa mpaka ku ubongo. Akuti njira yomweyo imathanso kubweretsa mafinya mu ubongo tizilombo tikadutsa.

Kenako anatifunsa ngati kubanja kwathu kuli otuluka kamfuno pafupipafupi. Abale, ife kamfuno ndi wa tsiku ndi tsiku, malemu bambo pilo wawo amakhala wa madontho a magazi, achimwene chikhalire amayenda ndi tishu mthumba, ine ndemwe nyengo yotentha ya October ndimavutika, ndipo tonse tili ndi timadontho tofiira pa milomo ndi pa lilime tomwe timangoti ndi chibadwa. Akuti mwina ndi HHT, matenda a mitsempha oyenda m'magazi a banja, amagwira pafupifupi munthu 1 mwa 5,000, ndipo kholo likakhala nawo mwana aliyense mpata owatenga ndi 50%. Anthu ambiri opezeka ndi PAVM amakhala kuti ali ndi HHT. Achimwene ali ndi ana awiri. Mng'ono wanga ndi woyembekezera ndipo naye kamfuno samusiya, pomwe akuti pa mimba mitsempha imeneyi imatha kukula kapena kuphulika. Apa mpomwe tulo tandithawa.

Ndiye ndikufunsa, alipo pa gulu pano anayezetsapo bubble echo kuno ku Lusaka? Ndi ija amabaya madzi a mchere okhala ndi tithovu pa mkono nkumaona pa sikirini ngati tithovuto tikudutsa m'mapapo. Imachitika kuti, ndi ndalama zingati, nanga NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo ya boma ija, imalipira? Komanso kutseka mitsemphayo, embolisation, komwe amalowetsa kachubu pa mtsempha wa mphechepeche nkukaika timawaya totsekera m'mapapo, alipo amene anapangidwa konkuno kapena mpaka Johannesburg kapena India? Ndikufuna tidziwe msanga tisanayambe kugulitsa katundu.

China chomwe chikundiwawa kwambiri ndi achibale. Amalume anabwera kuchokera ku Katete, akuti mwanayu anamuchita anzake a kuntchito, timutengere kumudzi. Munthu wopuma pa chubu, woti makhololo amachita kumukoka ndi makina, akwere basi pa Intercity mpaka ku Katete? Ndiye amaima pambali pa bedi nkumakamba za maliro, za amene adzatenge galimoto, ngati mwini wake palibe. Tsiku limenelo misozi ya achimwene inali chuchuchu mpaka m'makutu ndipo palibe anaganiza zowapukuta. Ine ndine mwana wamkazi, wamng'ono, kuwayankha amalume akuti ndi mwano. Inu munakumanapo nazo munawauza bwanji akuluakulu kuti odwalayo akumva liwu lililonse?

Ife ndi mlamu tinagwirizana ndi achimwene kuti maso m'mwamba ndi inde, pansi ndi ayi. Tinalembanso zilembo pa katoni m'mizere ya A, E, I, O, U, timaloza mzere kenako chilembo iwo nkumaphethira. Zimachedwa ndipo amatopa msanga, koma liwu loyamba lomwe anatipatsa ndi "msana", titawatembenuza tinapeza khungu layamba kufiira pamwamba pa matako, chilonda chimayamba. Kuyambira pamenepo sitiphonya kuwatembenuza maola awiri alionse, usiku omwe. Amene munasamalapo munthu wa chubu cha pakhosi kunyumba, makina okokera makhololo munagula kuti, nanga magetsi akazima mumatani? Matiresi a mpweya aja amathandizadi? Physio wobwera kunyumba amapezeka?

Zowonjezera: zikomo nonse mwayankha ndi mapemphero anu. Amene mwanena kuti ife a kamfuno tiziuza dokotala wa mano tisanazule dzino kuti atipatse ma antibiotic, ndi kuti diripi isamalowe ndi mpweya, adokotala athu anenanso zomwezo kwa munthu wa PAVM, ndauza abale onse pa WhatsApp. Koma inu mukundilembera ku inbox za mankhwala a zitsamba osungunula magazi, chonde siyani, munthuyu satha kumeza ngakhale malovu ake ndipo banja lathu vuto lake ndi kutaya magazi kale. Mng'ono wanga ali ndi sikelo Lachiwiri, ngati pali nesi kapena dokotala pano andiuze zoti tikanene ndendende kuti amutumize kokayezedwa mapapo.