Akangaude ofiira agwira chamba chathu, tithandizeni

Moni nonse alimi anzanga. Ndili m'gulu lolima chamba cha mankhwala ku Kasungu, chilolezo tili nacho. Kutentha kwa Okutobala kuno kwatibweretsera akangaude ofiira, tizilombo ting'onoting'ono toyamwa masamba, mu greenhouse (nyumba yolimiramo mbewu). Masamba achita timadontho tachikasu, kunsi kwake kuli ulusi, ena ayamba kuuma.

Tathothola masamba ogwidwa kwambiri n'kuwatentha, tatsuka mbewu ndi madzi, tapopera nimu wosakaniza ndi sopo katatu. Akangaudewo amachepa ndithu, koma pakangotha sabata abwereranso. Ndikuganiza kuti mazira ake sakufa. Abamectin, mankhwala ophera tizilombo amene timathira tomato, tikumuopa, chifukwa mbewu zayamba maluwa ndipo ogula amayeza zotsalira za mankhwala.

Alipo amene anathana nawo nthawi ya maluwa? Munathira chiyani, ndipo mumadumphitsa masiku angati?