Dress watch yachitanso nthunzi, mwini wake akuiyerekeza ndi diver

Wapabenchi: Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Kasitomala wandibwezera dress watch (wotchi yovala potchena) kachitatu, nthunzi pansi pa galasi. Ndi yopyapyala, chivindikiro chongokhoma, kumbuyo yalembedwa 30 m, mkati muli makina a ETA 2824. Gasiketi (mphira wotchinga madzi) ya kumbuyo ndasintha, girizi ndapaka, makina ndaumitsa. Iye akuti diver yake (wotchi yolowa nayo pansi pa madzi) ili ndi 2824 yomweyo ndipo amasambira nayo, ndiye iyi ikulephera bwanji kungolowa nayo m'bafa? Akuti ndaiwononga ndine. Tesita yoyesera ngati wotchi ikulowa madzi ndilibe.

Mmisiri Wakale: Ndi korona, kachitsulo ka m'mbali kopukusira wotchi kaja, achimwene. Siyani kuvutika ndi kumbuyo.

Mayi Mawotchi: Muyambe mwamufotokozera mwini wakeyo. Makina angafanane, koma chotchinga madzi ndi kesi, chigoba cha wotchiyo. Diver yeniyeni imayesedwa pa muyezo wa ISO 6425: mamita osachepera 100, ndipo puresha amaipyoza kufika 125% ya imene yalembedwa. Zambiri korona ndi chivindikiro n'zopota, galasi n'lokhuthala. 30 m ya pa dress watch ndi ya madontho a mvula ndi kusamba m'manja basi. Sopo ndi madzi otentha zimafooketsa mphira, ndipo lamba wachikopa uja amaola.

Wapabenchi: Ndamuuza zonsezo mayi, sakumva. Akuti 30 m ndi mamita 30.

Chala Chimodzi: Diver nayonso musaiyese mwala. Wina anandibweretsera Seiko SKX007, ya 200 m, atalowa nayo m'madzi korona asanapote. Anaisunga m'dirowa milungu ingapo akuti iuma yokha. Nditatsegula, sitemu (kandodo kolumikiza korona ndi makina) inali yofiira ngati dothi ndi dzimbiri, inathyokera m'manja mwanga. Makina ake onse a 7S26 ndinataya. Mpaka lero zimandiwawa, inali wotchi yosamalidwa bwino.

Mmisiri Wakale: Mwamva? Korona. Ngakhale nkhani imeneyo ndi ya korona. Kamphira ka mkati mwake kakauma, mutha kusintha gasiketi ya kumbuyo kakhumi.

Mayi Mawotchi: Madala, galasi nalonso limalowetsa madzi, makamaka ngati linachotsedwapo. Achimwene, itenthetseni pang'ono kufika madigiri 40 mpaka 45, mudonthezere madzi ozizira pagalasi, pakatha mphindi imodzi mupukute. Mukaona nthunzi mkati, chinyezi chikadalimo. Koma izi sizikuuzani pomwe chikulowera. Ndipo musaiike padzuwa kapena pafupi ndi moto, dayalo (nkhope ya wotchi) imafufuma, mafuta amamwazika.

Chala Chimodzi: Mukabwereka tesita ya madzi, chotsani makina kaye, muyese kesi yokha. Ine ndinatsitsa puresha mothamanga, galasi linatumphuka, madzi n'kudzaza dayalo. Ndinagula ina ndi ndalama zanga.

Wamng'ono: Nanga osangomata chivindikirocho ndi silikoni?

Mayi Mawotchi: Ayi mwanawe, usayerekeze. Wodzatsegula pambuyo pako adzalira, ndipo madzi adzalowabe.

Mmisiri Wakale: Adzalowa chifukwa akudzera pakorona. Wotchi yopukusa ndi dzanja kapena yosintha deti pafupipafupi, tubu yomwe korona amakhalapo imadyeka. Muyang'ane ndi loupe (kagalasi kokulitsa zinthu), muona kamzere. Sinthani korona ndi tubu limodzi. Ndipo musamulonjeze munthu kuti siilowanso madzi musanayese, mulembe pa risiti kuti si yosambira nayo.

Wamng'ono: Pepani akuluakulu, poti mwatchula SKX, bezel (mkombero wozungulira galasi) ya yanga ikuzungulira mbali zonse ziwiri m'malo mwa mbali imodzi. Ndi sipulingi kapena litsiro?

Chala Chimodzi: Sipulingi yaphwatalala imeneyo. Potukula bezel uike kapulasitiki pansi pa mpeni, ukapanda kutero ukanda kesi.