Stout yanga ikuuma pomeza, ndiipereke kapena ndiitaye?

Wofulula wa ku Dedza boma: Akuluakulu thandizeni msanga, mutu waima. Ndafulula dry stout (mowa wakuda wosatsekemera) malita 20: pale malt (chimera cha balere) maperesenti 70, flaked barley (balere wophwanyidwa mopyapyala) 20, balere wokazinga 10, yisiti ya mtundu wa S-04. Gravity (muyezo wa shuga wa m'mowa) inayambira pa 1.042, yatsikira pa 1.009, ndiye mphamvu ili cha m'ma maperesenti 4.3, pamenepo palibe vuto. Mtundu uli bwino, ukaunika ndi tochi pansi pa tambula pakuoneka kufiira. Thovu lilipo. Nkhani ili pomeza. Mkamwa mukuuma ngati wadya nthochi yosapsa, kumapeto kukubwera kakuwawasa. Ndalawitsa anyamata a pa bala, wina akuti makala, wina akuti wasasa, wina akufunsa chifukwa chake sukutsekemera ngati Carlsberg Stout. Abwana a loji akuufuna pa tap Loweruka. Nditani?

Madala a ku Lizulu: Wasasa umenewo mwanawe. Ziwiya zalowetsa tizilombo. Fermenter, chidebe chimene mowa umawiriramo ndi yisiti, mumatsuka ndi chiyani?

Wofulula wa ku Dedza boma: Star San bambo, mankhwala ophera tizilombo m'ziwiya aja, nthawi zonse. Mpopi ndinaumasula.

Mayi wa ku Ntcheu: Achimwene musataye kaye. Choyamba, anyamata a pa bala si oweruza mowa umenewu. Lilime lawo linazolowera stout yotsekemera, yolemera, ndiye chilichonse chopanda shuga kwa iwo ndi chowonongeka. Dry stout imayenera kutha mkamwa mosasiya kutsekemera, ndipo kakuwawasa pang'ono ka balere wokazinga kamakhalapo ndithu, monga mu khofi wopanda mkaka. Mwalawa uli wozizira bwanji? Ukangochoka mufiriji fungo lonse limabisala, chotsala n'kuwawa kokha. Thirani theka la tambula, muusiye ufike pa madigiri 10 kapena 12, mununkhize musanamwe. Mukamva viniga kapena fungo la chambiko, madala akunena zoona. Mukamva khofi ndi koko, mowawo ndi wamoyo. Ndipo mulawe m'mawa, musanasute, musanadye tsabola.

Madala a ku Lizulu: Mayi, ine ndinayamba kufulula ena a inu musanabadwe. Mowa wowawasa ndi ziwiya basi.

Mphwanga wa ku Bembeke: Kuuma kumene mukunenako sikuchokera ku tizilombo ayi, ndi makoko a balere. Madzi a sparge, otsukuluzira balere aja, anali otentha madigiri angati? Akadutsa 77, pH (muyezo wa asidi) n'kukwera kupitirira 6, mumakoka tannin yense, zija za m'makoko zoumitsa mkamwa. Komanso mukamapitiriza kukha wort (madzi a chimera asanakhale mowa) gravity itatsika kale pa 1.010, mukukha madzi a makoko. Wokazingayo munaphwanya bwanji? Mnzanga wina anatuma mnyamata kuchigayo cha chimanga, balere anabwera ali ufa wa mgaiwa weniweni, wakuda bii. Anafulula choncho poopa kutaya ndalama. Mowa wake ukamwa umachita kumva lilime likukhwinyata, keg (mgolo wa mowa) yonse anathirira nayo kabichi.

Wofulula wa ku Dedza boma: Ndinaphwanya ndi mpini wa chapati, osati ufa. pH meter ndilibe. Thermometer ndinaikonza ndekha m'madzi owira kuti iziwerenga 100.

Mphwanga wa ku Bembeke: Apo ndiye imani. Kuno madzi sawira pa 100 achimwene. Dedza ili pamwamba, cha m'ma mamita 1,600, madzi amawira cha m'ma 95. Thermometer yanu ikunama ndi madigiri asanu. Pamene mumati mash (phala la chimera) ili pa 66 inali cha m'ma 61, ndiye mowa watuluka wopyapyala, wokazingayo alibe chomuphimba. Hops, maluwa owawitsa mowa aja, nayenso pa 95 satulutsa kuwawa konse kumene pepala la kafulidwe limanena. Konzani ndi madzi a ayezi pa 0, kapena muyerekeze ndi ya munthu wina.

Mayi wa ku Ntcheu: Zomveka zimenezo. China, mpweya mwaika wochuluka bwanji? Guinness ya pa tap imene anthu amayerekezera imayenda ndi mpweya wa nitrogen kuyambira 1959, n'chifukwa chake imafewa pakhosi. Ife tili ndi CO2 yekha, ndipo akachuluka amaluma lilime, kuwawasa n'kumveka kawiri. Takasani ndi supuni mpweya uchoke, mulawenso. Koma chonde musathire shuga kapena soda pofuna kubisa, ndinaonapo mabotolo akuphulika m'sitolo usiku chifukwa cha shuga wothira mochedwa, magalasi mpaka kudenga.

Madala a ku Lizulu: Thermometer, nitrogen, zonsezo ndamva. Tsegulani fermenter muone ngati pamwamba palibe kachikopa koyera. Yezaninso gravity pakatha masiku angapo. Ikamatsikabe kuchoka pa 1.009, muli alendo m'menemo, tizilombo tija. Chidebe cha pulasitiki chikangokandika mkati, Star San safika m'mikwingwirimamo. Mudzandiuza.

Wa pa bala ku Mphate: Ine langa ndi limodzi. Ngakhale mowa ukhale wabwino, mapaipi a tap pa lojipo anawatsuka liti? Ambiri amangosintha keg. Mowa wanu ukadutsa mu paipi ya nkhungu dzina loipa ndi lanu, osati lawo. Ndipo poti mukugulitsa kwa alendo, za a MBS (bungwe loona za miyezo ya katundu) ndi chiphaso cha khonsolo munalongosola? Wina akadwala m'mimba, ngakhale atadwala ndi kanyenya wa pamsewu, adzaloza inu.

Mphwanga wa ku Bembeke: Loweruka lafupika. Ine ndikanawauza abwanawo adikire sabata ziwiri, uli pozizira. Ukali wa wokazinga umatsikako ukakhala, koma tannin sachoka kwenikweni.

Madala a ku Lizulu: Wosasa sudikiridwa. Umangoipiraipira.

Wa pa bala ku Mphate: Tili pomwepa, pale malt mukuipeza kuti masiku ano? Wa thiraki amene ankanditengera ku Johannesburg akuti Rand yavuta, thumba la 25 kg akufuna ndalama zonse asananyamuke. Alipo amene akuitanitsa mwezi uno tiphatikizane, katundu atsikire pa boda ya Dedza?

Mayi wa ku Ntcheu: Ndilembeni matumba awiri, ndi S-04 ngati angapeze.