Mwana amasanza m'basi: jinja amathandizadi?

Nachisale:
Moni nonse. Mwana wazaka 8 amasanza ulendo uliwonse wa ku Karonga, makamaka basi ikayamba kutsika Chiweta. Mapiritsi amamugonetsa tsiku lonse. Kodi jinja amathandizadi? Timupatse wochuluka bwanji, nthawi yanji?

Achimwene a ku Rumphi:
Mayi, musanafike pa jinja yambani mwaona mpando. Vutoli siliyambira m'mimba. M'kati mwa khutu muli tiziwalo timene timamva thupi likamatembenuka. Mwana akamayang'ana foni kapena msana wa mpando, maso amauza ubongo kuti waima pomwe khutu likuti akukhota, ndiye mseru umabwera. N'chifukwa chake makona a Chiweta ndi a Golomoti amavuta kuposa msewu wowongoka. Ana a zaka 2 mpaka 12 ndiwo amavutika kwambiri, ndipo ambiri akakula zimachepa.

Fikani msanga pa depoti mupeze mpando wakutsogolo, osati wakumbuyo pamwamba pa matayala, ndiponso osati uja wa minibasi wopenya kumbuyo. Ayang'ane kutali kumene msewu ukupita, mutu atatsamira kuti usamagwedezeke. Windo itseguke pang'ono. Foni ikhale m'chikwama. Pa Ilala nthawi ya mwera, khalani chapakati pa sitima n'kumayang'ana mtunda.

Nyamwale:
Jinja amachepetsa mseru, koma anthu amalakwitsa nthawi. Amamwa mseru utayamba kale, pomwe mimba yasiya kukankha chakudya, basi zonse zimangobwerera. Amwe kutatsala theka la ola kapena ola kuti munyamuke.

Wamkulu: gramu imodzi ya jinja waufa, yomwe ndi pafupifupi theka la supuni ya tiyi, m'madzi ofunda. Mwana wazaka 8 theka la muyezo umenewu. Ngati ndi wamuwisi, dulani kachidutswa ngati nsonga ya chala chachikulu, sendani, phwanyani, wiritsani mphindi 10 m'kapu imodzi ndi theka ya madzi, sefani, thiranimo shuga pang'ono. Wotsala ikani m'botolo azipsontha panjira. Mukachulukitsa amayambitsa chilungulira. Wamkulu asapitirire magalamu 4 patsiku, ndipo amene akumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ayambe wafunsa kuchipatala. Zakumwa za m'botolo zolembedwa jinja musazidalire, zambiri ndi shuga ndi fungo chabe.

Asanyamuke ndi njala, komanso tchipisi, mazira ndi mandasi a panjira adikire mukafike. Buledi wouma kapena nthochi zikwanira.

Phiri wa ku Lunzu:
Palinso njira ya ku China yofinya pamkono, malo otchedwa P6. Tembenuzani dzanja chikhatho chiyang'ane kumwamba, yalani zala zitatu za mwanayo kuyambira pamzere wolumikiza dzanja ndi mkono, ndipo pamene zalazo zathera, pakati pa mitsempha iwiri yolimba, finyani ndi chala chachikulu mphindi 2 kapena 3, manja onse. Zibangili za Sea-Band, zovala pamkono zokhala ndi kabatani kofinya malowa, zimachita zomwezi. Kunena zoona, umboni wake pa nkhani ya ulendo ndi wosakanikirana, koma sizivulaza. Kununkhiza khoko la ndimu nakonso kumangophimba fungo la dizilo.

Nyamwale:
Ndinaiwala: akasanza musamumwetse madzi ambiri nthawi imodzi. Dikirani mphindi 10, kenako pang'onopang'ono, makamaka Thanzi ORS. Akapitiriza kusanza tsiku lotsatira, kapena thupi likatentha, umenewo si ulendo ayi, kamuyezetseni malungo.