Msilikali wa ku Wales anasowa ku nkhondo mu 1916, manda ake tingawapeze bwanji?

Nangozo_Swansea: Abale ndithandizeni. Agogo amene ndimawasamalira kuno ku Swansea ali ndi chithunzi cha mchimwene wa bambo awo, mnyamata wamng'ono ali mu yunifomu chipewa chikumukulira, ndiye pambali pake amaikapo chimbale cha mkuwa chozungulira cholembedwa dzina lake chimene boma linkatumiza ku mabanja a omwalira. Akuti anapita ku France nkusowera ku Mametz Wood, mtembo sunapezeke mpaka lero. Dzulo amachipukuta chimbalecho misozi ikulengeza, amvekere mai ake a mnyamatayo anamwalira akudikirabe kuti mwina tsiku lina agogoda pachitseko. Zandikhudza kwambiri. Munthu angasowe bwanji choncho ankhondo anzake ali pompo? Nanga pali poti nkufufuza?

Malume_Phiri: Chemwali, Mametz Wood ndi nkhalango ya ku France, kumenyana kwa kumeneko kunali mbali ya nkhondo ya Somme pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Asilikali a 38th (Welsh) Division analimbana ndi ma German pa nkhalango imeneyo kuyambira pa 7 mpaka 12 July 1916, ndipo pafupifupi 4,000 anafa, kuvulala kapena kusowa, mmasiku ochepa amenewo basi. Munalinso gulu la anyamata a ku Swansea konko. Amatuluka mngalande zobisalamo nkuyenda pamtetete mfuti zachiwaya zikuwalakatitsa, ndiye mabomba amagwa usana ndi usiku moti ngalande imatha kugumukira anthu, ena anzawo amawakwirira mwachangu nkuzika kamtanda koma bomba lina nkudzafukulanso malo omwewo. Vuto lina nthawi imeneyo msilikali amavala kachizindikiro kamodzi kokha ka dzina pakhosi, akafa amakachotsa kuti akalembetse, mtembo nkutsala opanda dzina. Kachiwiri anadzayamba kupereka pambuyo pake chaka chomwecho.

Chiko_Cardiff: Asisi lowani pa webusaiti ya Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a asilikali, ndi ulele, mungolemba dzina ndi chaka. Ngati alibe manda dzina lake likuyenera kukhala pa chipilala cha Thiepval, pali maina oposa 72,000 a osowa ku Somme ndipo akuuzani mpaka khoma lake. Ine ndinakafikako, maina mbali zonse mpaka khosi kuwawa. Ku Mametz Wood, makilomita angapo kuchokera pamenepo, kuli chiboliboli cha chinjoka chofiira cha pa mbendera ya Wales chija, anachiimika mu 1987, chayang'ana nkhalangoyo chitagwira waya waminga. Mmanda ozungulira muli miyala yambiri yopanda dzina, anangolemba kuti amudziwa ndi Mulungu. Mwina wagona pansi pa umodzi mwa imeneyo.

Nangozo_Swansea: Zikomo a malume, zikomo Chiko. Ndalipeza!! Lilipo pa Thiepval, 10 July 1916. Ndawaonetsa pa foni, anakhala chete kwa nthawi kenako anati ndiwawerengerenso tsikulo. Ulendo wa ku France sangaukwanitse ndi miyendo yawo, ndiye Chiko mukadzapitanso chonde mudzatijambulire dzinalo pafupi, ndikutumizirani ku inbox.