FFT ikundionetsa 30 Hz pomwe magetsi athu ndi 50 Hz, ndalakwitsa pati?

wa_chaka_chachitatu

Akuluakulu, ndithandizeni, mutu waima. Ndili ndi pulojekiti ya kusukulu yoyeza magetsi a m'nyumba. Ndatenga kathiransifoma kotsitsa 230 V kufika pa 9 V, ndachepetsanso ndi ma resistor, n'kukweza signal yonse ndi 2.5 V poti Arduino Uno (kakompyuta kakang'ono komwe ndikuyezera) siwerenga zotsika kupitirira 0. Manambala ndikuwatumiza ku laputopu, FFT (masamu oonetsa ma frequency omwe ali mu signal) ndikuchitira mu Python. Magetsi a kuno ndi 50 Hz, kutanthauza mafunde 50 pa sekondi, ndiye ndinati ndikamawerenga ka 80 pa sekondi zikwana, nanga si 80 ndi yaikulu kuposa 50? Koma galafu ikutulutsa nsonga zitatu: chimphona pa 0, ina pa 30, ina pa 50, ziwiri zomalizazi zofanana msinkhu ndendende. Ya 50 ndikuidziwa. Ya 30 yachokera kuti? Mnzanga wa m'chipinda anati ndi filiji ya alandilodi. Ndinakaizimitsa usiku anthu atagona, nsonga ili pompo.

mkulu_wa_mawaya

Achimwene, kayatseni filiji ya eni ake, ilibe mlandu. Mlandu uli pa 80 wanuyo.

Munaonapo pa vidiyo tayala la minibasi likuoneka ngati likubwerera m'mbuyo galimoto ikupita kutsogolo? Kamera imajambula zithunzi zowerengeka pa sekondi, tayala likathamanga kuposa momwe kamera ingalitsatire, diso limanamizidwa. Arduino yanu yanamizidwa chimodzimodzi. Lamulo la Nyquist ndi Shannon limati muziwerenga mopitirira kawiri frequency yaikulu yomwe ili mu signal. Pa 50 Hz ndiye kuti mopitirira 100 pa sekondi. Inu ndi 80 wanu malire anu ndi 40 Hz. Chilichonse chodutsa 40 chimapindika n'kubwerera m'munsi: 80 kuchotsa 50, yatsala 30. Dzina lake ndi aliasing.

Yesani nokha pa pepala. Werengerani cos(2π·50·n/80) ndi cos(2π·30·n/80), n kuyambira 0 mpaka 7. Manambala atuluka amodzimodzi. Ndiye kompyuta ingadziwe bwanji kuti funde lenileni ndi liti?

Ndikukhumudwitseninso pang'ono: nsonga ya pa 50 yomwe mukuti mukuidziwayo musaikhulupirire. Signal ikakhala ya manambala enieni, theka lachiwiri la FFT limangokhala chithunzithunzi cha theka loyamba, ngati pagalasi. N'chifukwa chake ziwirizo zili zofanana msinkhu. Mukanalowetsa funde la 30 Hz lenileni mukanaona galafu yomweyo. Chimphona cha pa 0 ndi 2.5 V munaonjezera ija. Chotsani avereji pa manambala onse musanachite FFT, chisowa.

wa_chaka_chachitatu

Zikomo bambo, ndayesa pa pepala, zoonadi. Ndakweza kufika 1000 pa sekondi, ma sample (manambala owerengedwa) 256. Ya 30 yapita. Koma tsopano nsonga yafutukuka m'munsi ngati chulu, ndipo pamwamba pake pakuti 50.8 osati 50. Kodi magetsi athu akuthamanga chonchi?

mayi_injiniya

Ayi mwanawe, ndi masamu chabe. FFT siona ma frequency onse, imangoona pa masitepe. Sitepe iliyonse ndi fs (kangati ukuwerenga pa sekondi) kugawa ndi N (chiwerengero cha ma sample), kwa iwe 1000 kugawa ndi 256, pafupifupi 3.9 Hz. Sitepe ya 12 ili pa 46.9, ya 13 ili pa 50.8. 50 yagwera pakati, ilibe mpando wake, ndiye mphamvu yake yamwazikira kwa anansi. M'ma sample 256 akowo muli mafunde 12.8, lomalizalo wadula lisanathe, ndipo FFT imaganiza kuti chidutswa chako chimangobwerezabwereza mpaka kalekale. Polumikizirapo funde limadumpha, kudumphako ndiko kukupanga chulu.

Ika 800 pa sekondi, N ikhale 256 yomweyo. Sitepe ikhala 3.125 Hz, ndipo 50 igwera pa sitepe ya 16 ndendende. Komabe magetsi sakhala pa 50.00 tsiku lonse, amasuntha pang'ono katundu akachuluka, makamaka ngati muli pa jenereta. Choncho chulukitsa manambala ako ndi Hann window (manambala otsitsa pang'onopang'ono chiyambi ndi mapeto a chidutswa chako) usanachite FFT, m'mbalimo mutsika. Nsonga inenepa pang'ono, palibe chaulere. Ukafuna kusiyanitsa 49.8 ndi 50.2, kuwerenga mothamanga sikuthandiza, werenga nthawi yaitali. Masekondi 10 akupatsa masitepe a 0.1 Hz.

China, ngati ukugwiritsa ntchito delay() poyeza nthawi, siya. analogRead yokha imadya pafupifupi ma microsecond 100, kutumiza pa serial kumadyanso yake, ndiye 800 wako sakhala 800. Gwiritsa ntchito timer interrupt, kuti wotchi ya mkati mwa Arduino ndiyo iziyambitsa kuwerenga pa nthawi yake. Ndipo usayese kuchitira FFT ya 256 ndi ma float (manambala a madesimo) pa Uno pomwepo: mizere iwiri ya manambala 256, lililonse ma byte 4, ndi 2048, RAM yonse yatha.

mkulu_wa_mawaya

Mayi anena zonse. Ndingoonjeza chimene aphunzitsi adzakufunseni pa tsiku loonetsa pulojekiti. Funde lomwe lili mu waya ndi losadukiza, Fourier transform yake ili ndi 50 ndi ana ake basi (50 kuchulukitsa ndi 3, 5, 7 ndi kupitirira), 150, 250, 350, obwera ndi machaja a foni ndi mababu a LED. Mukangoyamba kulidula m'ma sample, spectrum yonseyo imadzibwereza pa fs iliyonse, ndipo makope akayandikana amalowererana. Pa 800, mwana wa 9 yemwe ali pa 450 Hz adzagwera pa 350 n'kudzibisa mwa mwana wa 7. Mankhwala ake ndi low-pass filter (sefa yotsekereza ma frequency okwera) ya resistor ndi capacitor patsogolo pa A0, polowera signal mu Arduino. Zikalowa kale mu Arduino palibe code yomwe ingazilekanitse. Ndi chifukwa chomwecho mafoni a waya ankadula mawu pa 3400 Hz asanawerenge ka 8000 pa sekondi.

wa_chaka_chachitatu

800, timer, Hann, zonse ndachita. Nsonga yoonda bwinobwino pa 50, kena kakang'ono pa 150. Capacitor ndilibe, ndikafuna ku Limbe Loweruka. Ya 100 nF ndi resistor ya 4.7k zikwana, kapena zidyanso 350 yanga?